Amayi mimba ikungodzadza madzi, akuti khansa yafalikira pa kansalu ka m'mimba. Bwanji sakungowapanga opaleshoni?

Funso ili lachokera kwa achemwali ena a ku Chamama, ku Kasungu. Akuti amayi awo a zaka 58 mimba inayamba kutupa nthawi yokolola, kuchipatala awapopa madzi kawiri, ulendo woyamba anatuluka malita 4, koma pasanathe masabata atatu mimba inadzadzanso. Atawaunika pa sikani anauzidwa kuti zikuoneka ngati khansa yomwe yafalikira pa kansalu ka m'mimba, ndipo awalembera kalata yopita ku Lilongwe. Kumudzi amalume akukana zopopanso, akuti kupopako ndi kumene kukuitana madziwo. Achimwene awo a ku Joni aona pa Facebook zoti ku India amatsuka m'mimba ndi mankhwala otentha, nde akuti ng'ombe zigulitsidwe. Funso lawo ndi lakuti kansalu kameneka n'chiyani, bwanji madokotala sakungong'amba n'kuchotsa chotupacho, nanga za ku India zija n'zoona?

Pepani kwambiri achemwali ndi matendawa. Ndiyankha motalikirapo chifukwa mafunso anuwa ndimakumana nawo pafupipafupi pa wodi, ndipo nthawi zambiri timawayankha mothamanga gadiyani n'kutuluka asanamve kanthu.

Tiyambe ndi kansaluko. Ngati munaonererapo akusenda mbuzi, akangong'amba pamimba mumaona kuti matumbo, chifu ndi chiwindi zonse n'zonyezimira, zoterera, komanso khoma la mimba mkati mwake ndi losalala ngati mwapaka mafuta. Kunyezimira kumeneko ndi kansalu kopyapyala zedi kamene kakuta chilichonse m'menemo, ife timakatchula kuti peritoneum. Mwa munthu mukati mukatambasule konse kakhoza kufanana kukula ndi khungu lake lonse, chifukwa kamalowa m'makwinya onse a matumbo. Pamwamba pake pali mzere umodzi wokha wa maselo osalala, ndipo pamakhala timadzi pang'ono, tosakwana ndi theka la kapu, toti matumbo aziterera akamayenda. Timadzito sitikhala malo amodzi. Timapangidwa, timazungulira, kenako timayamwidwa ndi timabowo ting'onoting'ono timene tili kunsi kwa mnofu wopumira uja wolekanitsa chifuwa ndi mimba, makamaka mbali ya kumanja pamwamba pa chiwindi. Palinso chinsalu china cha mafuta chooneka ngati neti chimene chimalendewera kuchokera pa chifu n'kufunda matumbo kutsogolo, mwa mbuzi yonenepa mumachiona bwinobwino, dzina lake ndi omentum. Chikumbukireni chimenechi, tibwererako.

Tsopano khansa yambiri imene timaipeza pa kansalu aka sinayambire pomwepo ayi. Imakhala yachokera kwina. Kwa amayi a msinkhu wa mayi anuwo malo oyamba kuwaganizira ndi mabasiketi a mazira ndi timachubu take, kenako chifu, matumbo aakulu, kapamba, ndulu, ngakhale ka apendikisi. Ilipo ina yoyambira pa kansalu penipenipo, mesothelioma, imene imayenderana ndi fumbi la asbestos, koma ndi yosowa. Apa ndipatuke pang'ono, chifukwa amayi ambiri amandiuza kuti "koma ine ndinayezetsa khansa chaka chatha anati ndilibe". Kuyeza kuja kwa viniga kumaona khomo la chiberekero basi. N'kofunika kwambiri popeza khansa ya khomo la chiberekero ndi imene ikuvuta kwambiri amayi kuno ku Malawi, koma mabasiketi a mazira ali mkati, kuyeza kumeneko sikuwafika.

Mmene imafalikira, inu a ku Kasungu muzimva msanga kuposa ma student anga. Pofesa nazale ya fodya simubzala kambewu kamodzikamodzi, njere zake n'zazing'ono ngati fumbi, mumazithira m'kheni ya madzi, kuvundula, n'kumathirira pa bedi, kulikonse kumene madzi afika mbewu yafikanso. Ndi zomwezo. Chotupa chikaboola kunja kwa chiwalo chimene chinayambira, maselo ake amayoyokera m'timadzi tija, madzi n'kuwatenga. Ndiye amakakhazikika kumene madzi amadekha kapena kumene amayamwidwa, pansi penipeni pa chinena kuseri kwa chiberekero, m'mphepete mwa thumbo lalikulu mbali ya kumanja, kunsi kwa mnofu wopumira, ndi pa omentum paja. Dokotala wina wa ku England, Stephen Paget, mu 1889 atawerenga malipoti a amayi 735 omwalira ndi khansa ya m'mawere ananena kuti khansa ili ngati mbewu, imamera pokhapo pamene yapeza nthaka yoiyanja. Omentum ndi dimba lenileni, pali mafuta oti maselowo adye, pali mitsempha ya magazi yambiri.

Zimene zimachitika pa kansaluko maselo akatera ndi zimene zikufotokoza zonse mukuziona pa amayi. Maselo osalala aja amakhwinyata n'kusiya mipata, khansa n'kugwira pa mnofu wa pansi pake. Ikagwira imatulutsa timankhwala toitana mitsempha yatsopano ya magazi kuti iziidyetsa, kamodzi kodziwika kwambiri ndi VEGF, koma mitsempha yomangidwa mwachangu choncho imakhala yothonya ngati denga la udzu wakale, madzi a m'magazi pamodzi ndi mapuloteni ake amangodontha kulowa m'mimba usana ndi usiku. Nthawi yomweyo timabowo toyamwa madzi tija tatsekedwa ndi maselo a khansa omwewo. Mpopi watsegulidwa, ngalande yatsekeka. Madziwo apita kuti? N'chifukwa chake mimba imadzadzanso pakangopita masabata awiri atatu. Thupi nalonso poyesa kulimbana nazo limapanga zipsera, kansalu kamene kanali kofewa kamakhuthala n'kuuma, pamamera timatuza toyera tambirimbiri, tina ngati njere za mawere tina ngati mtedza, tina timalumikizana n'kukhala chikhakha. Omentum imakhwinyata n'kukhala chibuma cholimba chopingasa pamwamba pa mchombo, pa sikani timachitcha omental cake, ndipo akangopopedwa madzi mukhoza kuchikhudza ndi dzanja. Matumbo amene amayenera kuterera amamatirirana, amapindika, ndiye munthu amakhuta atangodya mbamu ziwiri, mseru, kudzimbidwa, mwina mpaka kutsekeka kumene. Ena amatuluka kachotupa kolimba pa mchombo penipeni, timakatchula dzina la sisitere wina, Sister Mary Joseph, amene ankathandiza Dr William Mayo pa maopaleshoni ku America ndipo ndi iye anazindikira kuti odwala okhala ndi kameneka amapezeka ndi khansa mkati. Mukawayang'ane amayi pa mchombo, ngati kalipo mukawaonetse adokotala chifukwa m'posavuta kudulapo kanyama kokayeza.

Apa mwaona kale chifukwa chake "kungochotsa chotupacho" sikutheka. Si chotupa chimodzi ngati chithupsa. Ndi nazale yonse.

Koma ndisanapite ku mankhwala, pali chinthu chimene ndikufuna muchigwire kuposa zonse ndalembazi. Mwati anakuuzani kuti "zikuoneka ngati khansa". Mawu amenewo ndi oona, sikani imangonena mmene zikuonekera, siitsimikiza. Kuno kwathu kuli matenda ena amene amavala malaya omwewa, ndipo wamkulu wake ndi TB ya m'mimba. TB imagwiranso kansalu komweka, imabweretsa madzi, imalimbitsa omentum, munthu amaonda, ndipo timatuza take ukatiyang'ana ndi maso ngakhale mimba ili yotsegula sungasiyanitse ndi ta khansa. Ngakhale magazi aja a CA-125 amene anthu amawatenga ngati chizindikiro cha khansa ya mazira amakwera ndi TB yomwe. Ndikukumbukira mayi wina wa zaka za m'ma 40, anabwera pa wilutcheya, mimba ngati ya miyezi 9, manja ngati timitengo, abale atauzidwa kale kwina kuti palibe chochita kangomusamalirani kunyumba, mpaka anali atayamba kugawana ana ake oti akawalere. Tinadula kanyama, patapita masabata zotsatira zinabwera kuti TB. Miyezi 6 ya mankhwala aulere aja, anadzabwera yekha wapansi atanyamula nkhuku. Sindikunena izi kuti ndikupatseni chiyembekezo chabodza ayi, pa zaka 58 khansa ya mazira ndi yotheka ndithu, koma munthu asaweruzidwe ndi sikani yokha. Palinso chiwindi chouma chifukwa cha hepatitis B, mowa kapena likodzo, palinso mtima, palinso lymphoma, khansa ya m'mwanabere, makamaka kwa amene ali ndi HIV, ndipo lymphoma imamva mankhwala bwino.

Nde ku Lilongwe kumene akutumizaniko pitani, musazengereze. Ku Kamuzu Central kuli labu yoyeza tinyama komanso ndi kumene kuli National Cancer Centre. Kumeneko akhoza kutenga madzi a m'mimba kukayang'ana maselo, koma dziwani kuti madzi akapezeka opanda khansa ulendo umodzi sizitanthauza kuti mulibe, chimodzimodzi GeneXpert, makina aja oyezera TB, pa madzi a m'mimba imaphonya TB kawirikawiri. Chimene chimadula mlandu ndi biopsy, kudula kanyama pa omentum kapena pa chotupa n'kukaona pa maikulosikopu. Ndi kanyamako kamene kamanena kuti ndi khansa kapena ayi, ndipo ngati ndi khansa, yachokera kuti. Anthu amaopa kuti khansa ikakhudzidwa ndi chitsulo imalusa. Imene ili pa kansalu yafalikira kale, singano siionjezera kanthu.

Kudziwa kumene yachokera si nkhani yongofuna kudziwa, mankhwala ake amasiyana, ngakhale chiyembekezo chimasiyana kutalitali. Ikakhala ya mazira, imeneyo ndi imene imamva kemo, mankhwala aja opha maselo a khansa, kuposa zinzake. Amapereka carboplatin ndi paclitaxel pa dripi, kamodzi pa masabata atatu alionse, kawirikawiri maulendo 6. Odwala ambiri madzi amachepa kapena kuumiratu pofika ulendo wachiwiri kapena wachitatu, munthu n'kuyambanso kudya nsima. Nthawi zambiri amapereka maulendo atatu, kenako opaleshoni yochotsa chiberekero, mabasiketi, omentum ndi zotupa zonse zooneka, kenako maulendo atatu otsala. Ndinene mosabisa, kwa ambiri imadzabwereranso, koma miyezi kapena zaka zimene munthu wapeza ali pakhomo pake akuona zidzukulu si zochepa. Tsitsi limathothoka, zala zimachita dzanzi, asilikali a m'thupi amatsika moti akatentha thupi pakati pa kemo ndi nkhani yothamangira kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuche. Ikakhala ya matumbo aakulu amagwiritsa oxaliplatin pamodzi ndi 5-FU kapena mapiritsi a capecitabine, imamva koma osati ngati ya mazira. Ya chifu ndi ya kapamba zikafika pa kansalu ndi zouma mutu, pamenepo nthawi zambiri timayeza za miyezi, ndipo kemo timaiganizira kawiri ngati munthu wafooka kale. Vuto lina ndi lakuti kansaluka mankhwala oyenda m'magazi amafikapo movutikira. Zowotcha ndi makina zija, radiotherapy, pa matenda omwazikana mimba yonse sizithandiza kwenikweni, ungawotche matumbo onse.

Tsopano za achimwene anu ndi India. Sananame, chinthucho chilipo, dzina lake HIPEC, ndipo chimachitika m'zipatala zina zazikulu za ku India ndi ku South Africa komwe. Koma vidiyo ya pa Facebook imaonetsa mbali yokoma yokha. Amene anatchukitsa njirayi ndi dokotala wa ku Washington, Paul Sugarbaker. Choyamba ndi opaleshoni yaikulu, ya maola 6, 8, nthawi zina kupitirira 10, kusenda kansalu konse kodwala ngati mukusenda chikopa, kuchotsa omentum, mwina zidutswa za matumbo ndi ziwalo zina, mpaka pasatsale chotupa chooneka kapena chotsalacho chisapose mamilimita awiri ndi theka, ngati kanjere ka mapira. Akatha apo m'pamene amazunguliza kemo wotenthetsedwa kufika madigiri 41 mpaka 43 m'mimbamo kwa mphindi 30 mpaka 90. Mankhwala otenthawo amalowa mu mnofu mamilimita awiri kapena atatu okha, ndiye ntchito yake ndi kupha fumbi lotsala, chibuma sangachisungunule. Mwini nkhani ndi opaleshoniyo, kutsukako n'kotsirizira chabe.

Ndipo si aliyense angapangidwe. Madokotala amagawa mimba m'zigawo 13, chigawo chilichonse amachipatsa mapointi kuyambira 0 mpaka 3 malinga ndi kukula kwa zotupa, onse pamodzi amafika 39. Pa khansa ya matumbo mapointi akapitirira cha m'ma 20 phindu lake limakhala lochepa kwambiri. Matumbo aang'ono akadzadza timatuza ndiye basi, sungawachotse onse munthu n'kukhala moyo. Choipa china n'chakuti ngakhale CT scan imaphonya timatuza tating'ono, moti alipo amene amakwera ndege, kulipira, kuwatsegula, madokotala n'kuona kuti zachuluka n'kungotsekanso. Kafukufuku nayenso sakunena chimodzi. Wa ku Netherlands amene anatuluka mu 2018, pa amayi 245 a khansa ya mazira, anapeza kuti amene anaonjezeredwa HIPEC pa opaleshoni anakhala ndi moyo pafupifupi miyezi 46 poyerekeza ndi miyezi 34 kwa anzawo. Koma wa ku France wotchedwa PRODIGE 7, pa khansa ya matumbo aakulu, magulu onse awiri anakhala pafupifupi miyezi 41, kutsukako sikunaonjezere kanthu koma mavuto a pambuyo pa opaleshoni. Kumene njirayi imagwira bwino zedi ndi matenda ena osowa ochokera ku apendikisi amene amadzadza mimba ndi zinthu zonanda ngati therere, pseudomyxoma, amenewo anthu amakhala zaka zambiri. Ndiye maganizo anga ndi awa, ng'ombe zisagulitsidwe pakadali pano. Palibe dokotala woona mtima ku India amene angakuuzeni kuti bwerani asanaone pepala la biopsy ndi CT, ndipo wina akakuuzani pa WhatsApp kuti tumizani dipoziti musanamutumizire zimenezi, ameneyo ndi wa bizinesi. Ngati ili ya mazira, poyambira pake ndi kemo yemweyo amene ali ku Lilongwe. Ndalama zimene achimwene ali nazo zigwira ntchito yeniyeni pa thiransipoti ya masabata atatu alionse pa M1, chakudya cha gadiyani, ndi mayeso ena amene mwina mungafunike kulipira ku pulaiveti kuti zifulumire. Odwala ambiri amene ndawaona akusiyira kemo panjira sikuti mankhwala anawakana, inatha ndi ya minibasi.

Amalume aja musawanyoze, zimene aonazo n'zoona, kungoti chifukwa chake achiphonya. Madzi amabwereradi akapopedwa, koma akanabwera ngakhale osapopa, mpopi uja sunatsekedwe. Aonanso kuti munthu akapopedwa amaoneka woonda kwambiri, eya, chifukwa mimba inkabisa kuondako, komanso madziwo amatuluka ndi mapuloteni. N'chifukwa chake sitipopa mwachisawawa, timapopa pamene mimba yalimba ngati ng'oma, munthu akubanika, sakugona, sakudya. Pamenepo kuchotsa malita atatu, anayi mpaka asanu kumamupatsa mpumulo tsiku lomwelo, ndipo kumukaniza n'kumuzunza. Mapiritsi okodzetsa aja, Lasix ndi spironolactone, amathandiza madzi obwera ndi chiwindi kapena mtima, koma pa madzi a khansa ya pa kansalu nthawi zambiri amangomuumitsa munthu kukhosi n'kumugwetsa BP mimba ili chomwecho. Chimene ndikupempheni ndi ichi, pamimba potupapo pasatemedwe mphini. Khungu lake ndi lokokeka, madzi akhoza kuyamba kuchucha osasiya, majeremusi n'kulowa. Mankhwala a zitsamba otsegula m'mimba nawonso ndi oopsa kwa munthu amene matumbo ake apanikizika kale. Mapemphero apitirire, amenewo salimbana ndi dripi.

Kaya zotsatira zibwera zotani, funsani za palliative care kuchipatala cha boma kwanu konko kuyambira panopa. Anthu akamva dzinali amati ndi kwa anthu otayidwa, ayi, ndi kumene kuli anthu odziwa kuthana ndi ululu, mseru ndi kudzimbidwa, ndipo zimayendera limodzi ndi kemo. Morphine wamadzi amaperekedwa m'zipatala za boma, amamwa maola 4 alionse osadikira kuti ululu uyambe, ndipo akamwedwa mwa muyezo safupikitsa moyo. Amadzimbitsa, ndiye mutengeretu ndi mankhwala ofewetsa chimbudzi, papaya wakupsa amathandizanso. Chakudya musawaunjikire mbale yodzadza kenako n'kumakhumudwa kuti akana, malo m'mimbamo ndi ochepa. Pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, phala lothira nsinjiro, dzira, mkaka, usipa wosinja, nthochi. Zolimba ndi za ulusi wambiri monga chimanga chokazinga, nzimbe ndi mango a ulusi achepetse. Pogona muwatsamiritse mapilo kapena bulangete lopinda, chagada amabanika.

Mukaona akusanza chilichonse, makamaka zobiriwira kapena zonunkha ngati chimbudzi, mimba ikupotokola, masiku awiri atatu osachita chimbudzi ngakhale mpweya osatuluka, amenewo ndi matumbo atsekeka, musawakakamize kudya, thamangani nawo. Chimodzimodzi mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka kapena akayamba befu mwadzidzidzi, chifukwa khansa ya mtundu uwu imaundanitsa magazi m'mitsempha.

Popita ku Lilongwe mutenge kalata ija, kabuku kawo ka kuchipatala ngakhale akale omwe, pepala la sikani, ndi mankhwala onse amene akumwa kuphatikiza ma ARV ngati amamwa. Apite ndi gadiyani mmodzi wokhazikika wodziwa kulemba, osati lero azakhali mawa mlamu, uthenga umasokonekera panjira. Mukawafunse adokotala kuti kodi kanyama katengedwa, zotsatira zituluka liti ndipo tikazitenga kwa ndani, TB mwaichotsapo bwanji, ndipo mankhwala mukuperekawa cholinga chake n'kuchiza kapena kuchepetsa matenda. Muli ndi ufulu wofunsa zimenezi, ndipo musiye nambala ya foni imene imakhala yoyatsa. Amayinso eni ake auzidwe zoona, kwathu kuno timakonda kunong'onezana panja wodwala ali mkati, chonsecho iye ndi amene akumva thupi lake ndipo amakhala atadziwa kale.

Chomaliza ndi cha inuyo achemwali. Zikatsimikizika kuti ndi ya mazira, mufufuze ku mtundu kwanu, mbali ya amayi awo ndi ya abambo awo yomwe, ngati alipo ena amene anadwala khansa ya m'mawere kapena anamwalira ndi mimba yotupa chonchi, makamaka akadali achitsikana. Ina mwa khansa imeneyi imayenda m'magazi a pabanja, ndiye ngati alipo mukawauze adokotala a amayiwo, akuuzani zoyenera kuchita inuyo ndi azing'ono anu.